MUSANATULE KATUNDU PA KOMBONI, FUNSANI KUMENE KULI SUKULU

Abale ndi alongo, anchito anzathu a ku Raffingora, Banket ndi Mutorashanga, ndi inu nonse a kwathu amene mwabalalika m'mapulazi, m'migodi ndi m'malokeshoni kuyambira ku Copperbelt kufikira ku Joni, tiri ndi mau pa nkhani imene sitiikamba kawiri-kawiri pa misonkhano yathu. Tikasonkhana timakamba za malipiro, za maola a nchito, ndi za mankhwala a fodya amene atiocha m'manja. Zonsezi nzoyenera. Koma za malo amene mwana agona, ndi za mtunda umene ayenda m'mawa kuti akafike pa khomo la sukulu, timazisiyira amai kunyumba monga ngati ndi nkhani yacabe. Ife tinena kuti nkhani imeneyi ndi ya malipiro ndithu, ndipo tifuna kukuonetsani cifukwa cace.

ENA ASANKHA, IFE ATISANKHIRA

Munthu wa ndarama zace mu Harare akafuna nyumba, asanawerenge zipinda amayamba wafunsa za sukulu ya pafupi. Akamva kuti nyumbayo iri ku Mount Pleasant, ku Avondale kapena ku Highlands, kumayadi kumene sukulu zace zinamangidwira ana a Azungu, zokhala ndi mabwalo a masewera ndi zipinda za mabuku, amalola kulipira lendi yoposa. Ku America, kumene gawo lalikuru la ndarama za sukulu za boma limacokera ku msonkho wa nyumba za m'dera lomwelo, nyumba ziwiri zofanana zimasiyana mtengo cifukwa cakuti malire a sukulu anapita pakati pao. Ku Gauteng, kumene kuli abale athu ambiri, kholo polembetsa mwana wa Giredi 1 kapena Giredi 8 liyenera kuonetsa kumene likhala, ndipo amene nyumba yace iri m'kati mwa zoni ya sukuluyo ndiye ayamba kuganiziridwa.

Anthu amenewa sitiwada. Acita cimene kholo liri lonse liyenera kucita. Koma taonani kusiyana kwace. Iwo amasankha sukulu, kenaka nyumba, ndipo ku nchito amakwera basi. Ife a pa pulazi timayamba ndi nchito. Nchito ndiyo itipatsa nyumba ya pa komboni, ndipo nyumbayo ndiyo iweruza kumene mwana akaphunzire, kapena ngati aphunzira nkomwe. Tsiku limene kapitao alemba dzina lathu m'buku, walembanso tsogolo la mwana amene sanamuone ndi maso.

M'MENE MSAMPHA UNACHEREDWERA

Zimenezi sizinagwe kumwamba. Mu 1930 boma la Southern Rhodesia linaika lamulo la Land Apportionment Act, logawira Azungu ocepa pafupi-fupi theka la dziko lonse, ndipo nthaka yabwino ya ku Lomagundi, ya pakati pa Sinoia (imene lero ndi Chinhoyi), Banket ndi Raffingora, inalowa m'gawo limenelo. Fodya amafuna manja ambiri. Eni dziko amene anali ndi minda yao ku marizevu sanakonde nchito ya pa pulazi, cotero alimi anayang'ana kumpoto. Mu 1936 maboma atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anapangana za kayendedwe ka anchito. Kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, ndipo mu 1946 kunabwera Mthandizi wolemba anthu pa kontilakiti. Makolo athu a ku Dedza, Ncheu, Mlanje, Fort Jameson ndi Tete anaoloka Zambezi ndi bulangeti limodzi, msonkho ukuwapirikitsa m'mbuyo.

Pa pulazi anapeza lamulo la Masters and Servants Act la 1901, limene linayesa kusiya nchito kontilakiti isanathe ngati mlandu wopita nao kwa majisitireti. Anapezanso kuti nthaka yonse, ndi pamene paima khumbi lao pomwe, nja mwini pulazi. Mishoni sikanamanga sukulu pamenepo popanda cilolezo cace, ndipo boma silinamkakamize. Akafuna amamanga, akapanda kufuna panalibe womfunsa. Inde, analipo alimi amene anamanga sukulu, ndipo ena anacita ndi mtima wabwino. Koma ambiri anaziika monga nyambo yosungira mabanja kuti asathawire ku pulazi lina. Sukulu zotere zinali za makalasi a pansi okha, aphunzitsi ace ambiri osaphunzira za uphunzitsi, ndipo nthawi yobzala ndi yothyola fodya ikafika ana amapezeka m'munda ndi m'shedi.

Citaganya cinabwera mu 1953 ndi mau ozuna a ubale wa mitundu, ubale umene anthu akumbukira nao Godfrey Huggins pa fanizo lace la kavalo ndi womkwera. Pa za maphunziro cinagawa ana pawiri. Sukulu za ana a Azungu, Amwenye ndi Makaladi zinapita m'manja mwa boma la Citaganya, limene linali ndi thumba lalikuru. Sukulu za ana a anthu akuda zinatsala ndi maboma a maiko atatu aja pamodzi ndi mamishoni. Mwana wa mwini pulazi ku Raffingora anali ndi malo omdikira ku sukulu ya boma yogonera komweko. Mwana wa wanchito, wobadwira pa nthaka yomweyo, mwezi womwewo, anali ndi bolodi lopacika pa mtengo. Sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, ya Goromonzi, inatsegulidwa mu 1946, ndipo ya Fletcher ku Gwelo inadza mu 1957. Kodi mwana wolekeza Sitandade 2 pa komboni akanafikako bwanji? Citaganya cinatha pa 31 December 1963, koma mpanda umene cinalimbitsa unatsala ciriri.

Makolo ozindikira anapeza njira imodzi yowawa: kutumiza mwana kwao, kwa amalume, kuti akalowe sukulu za Nkhoma, Livingstonia, Blantyre kapena Likuni. Anadziwa cimene sukulu icita. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anaphunzira ku Livingstonia, nagwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wa Shamva, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anchito la ICU ku Cape Town, limene linagwedeza mabwana a kumwera konse. Akanabadwira pa komboni yopanda sukulu, dzina lace sitikanalimva. Koma mtengo wa njirayi unali kulekana kwa mwana ndi mace zaka zambiri, ndipo ena sanaonanenso.

Amene anathawira ku tauni anapeza msampha wofanana. Lamulo la 1946 la nyumba ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni linamangiriza nyumba ya m'lokeshoni ku nchito. Nchito ikatha, nyumba yatha, ndi malo a mwana m'kalasi atha.

MALIRE ACIKHALIRE, DZINA LOKHA LINASINTHA

Tifuna muonetsetse cimene cinacitika mu 1979, pakuti ndi phunziro lalikuru. M'caka cimeneco, ulamuliro wa Azungu uli pafupi kutha, malamulo osankha mtundu pa nthaka ndi pa sukulu anafafanizidwa. Koma lamulo latsopano la maphunziro linagawa sukulu za boma m'magulu: Group A, zimene zinali za Azungu, za fizi yokwera, ndi Group B za m'malokeshoni monga Highfield, Mufakose ndi Kambuzuma, za fizi yotsika. Ndipo anajambula mazoni. Kuti mwana alowe sukulu ya Group A, kholo lace linayenera kukhala mwini nyumba kapena wocita lendi m'zoni imeneyo. Mwaona nzeru zace? Mkhukhi ndi wa m'dimba, ambiri a iwo a kwathu, amene anagona m'kanyumba ka kuseri kwa yadi lomwelo, sanawerengedwe ngati okhala m'deralo. Mwana wao amaona geti la sukulu ali pa khomo pao, koma osalowa. Mau akuti khungu anacotsedwa m'lamulo, ndipo m'malo mwace analembamo mau akuti nyumba.

Ufulu wa 1980 unabweretsa zabwino zimene sitingazikane. Sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ndipo ana amene anali pafupi-fupi 820,000 mu 1979 anapitirira mamiliyoni awiri zisanathe zaka zisanu ndi cimodzi. Lamulo la maphunziro la 1987 linati mwana ali yense ali ndi ufulu wa kulembedwa pa sukulu imene iri pafupi ndi kumene akhala, pokhapokha ngati yadzaza. Mau abwino ndithu. Koma lamulo linena sukulu ya pafupi, silinena kuti pafupi ndi mamailosi angati. M'midzi makolo anaumba njerwa namanga sukulu pa nthaka yao. Pa pulazi tikanaumba njerwa kuti timange pa nthaka ya yani? Makhonsolo a m'madera a mapulazi anali a eni minda olipira msonkho, ndipo anchito a pa pulazi sanaloledwe kuvota pa masankho a makhonsolo kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Cifukwa cace madera a mapulazi anatsalira m'mbuyo, makamaka pa sukulu za sekondale.

CAKA CA 2000 NDI ZOTSATIRA ZACE

Ife sitilira kuti nthaka inabwerera kwa anthu akuda. Makolo athu anaikhetsera thukuta osalandira kanthu, ndipo cisalungamo ca 1930 cinayenera kukonzedwa. Cimene tinena nciti? Pamene mapulazi anayamba kulandidwa mu 2000, anchito a m'mapulazi akuru anali oposa 300,000, osawerenga akazi ao ndi ana. Lipoti la Lloyd Sachikonye la 2003 linapeza kuti mwa anchito zana limodzi, amene analandira malo sanafike asanu. Munthu amene nyumba yace inamangirizidwa ku nchito anataya zonse tsiku limodzi: malipiro, denga, mpope wa madzi, ndi sukulu ya ana. Ena anatsala pa komboni mwa cifundo ca mwini watsopano, kulipira malo ogona ndi manja ao. Ena anapita kukakumba golide. Ena anamanga zisakasa m'mbali mwa matauni, ndipo kumeneko Murambatsvina wa 2005 anawapeza. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inawerengera kuti anthu pafupi-fupi 700,000 anataya nyumba kapena copezera cakudya. Kusamuka kuli konse mwana amataya temu, ena caka, ena sukulu yonse.

M'malo ogawidwa catsopano munabuka sukulu zochedwa satellite, zophunzirira m'mabalani a fodya, m'mashedi ndi m'nyumba zakale za eni mapulazi. Tiyamika aphunzitsi amene apirira m'menemo. Koma dziwani ici: sukulu yotere siinalembedwe m'kaundula wa boma pa yokha, iri pansi pa sukulu ina, ndipo kawiri-kawiri ana ace amakalembera mayeso a ZIMSEC kwina, kutali. Kholo limene silifunsa limadzazindikira zimenezi mwana ali mu Giredi 7.

Pamwamba pa izi panadza nkhani ya mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti ali yense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo mwa dongosolo la dzikolo. Anthu obadwira ku Raffingora, amene Malawi amangomumva m'nthano za agogo, anapezeka ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Kholo lopanda citupa silitenga kalata ya kubadwa ya mwana mosavuta, ndipo mwana wopanda kalatayo amavutika polembetsa mayeso. Umu ndi m'mene umphawi upitira kwa mdzukulu monga colowa.

Tsono mverani cimene ambiri sanauzidwe. Malamulo akuru a dziko la Zimbabwe a 2013, pa ndime 43, anena kuti munthu amene anabadwira m'dziko muno malamulowa asanayambe, amene kholo lace linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo anali kukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 75 ipatsa nzika ufulu wa maphunziro oyamba olipiridwa ndi boma. Ndime 81 inena za kalata ya kubadwa ya mwana. Pa ndime 6 Cicewa cathu ciri pakati pa zinenero 16 zobvomerezedwa. Ndipo lamulo la maphunziro monga linakonzedwa mu 2020 liletsa kucotsa mwana pa sukulu cifukwa ca fizi kapena cifukwa ca mimba. Kwa inu a ku Joni, khoti lalikuru la ku Makhanda linagamula mu December 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu cifukwa ca kusowa mapepala. Ufulu uwu ulipo, koma ufulu wokhala m'buku suyenda wokha kudza pa komboni.

KUYANKHA AMENE ATSUTSA

Wina adzati, "Ife ndife alendo, tidzabwerera kwathu." Abale, mau amenewa agogo athu anawanena potsika lole ya Ulere, ndipo manda ao ali kuseri kwa mabalani. Mlendo wa mibadwo itatu si mlendo iai. Amene afuna kubwerera abwerere ndi mwana wodziwa kuwerenga, pakuti ku Lilongwe ndi ku Chipata nakonso afunsa setifiketi.

Wina adzati, "Mimba iyamba, wanjala sasankha pulazi." Izi nzoona, ndipo sitinyoza munthu amene alandira nchito iri yonse kuti ana adye. Koma si nthawi zonse pamene tiri opanda cosankha. Nthawi yothyola fodya alimi amatifuna koposa m'mene ife tiwafunira. Kangati tasamuka pulazi cifukwa ca madola awiri kapena atatu oonjezera, kusiya sukulu pa khomo kupita kumene mwana aoloka mtsinje? Madola amenewo amatha mwezi womwewo. Caka cimene mwana wataya sicibwerera.

Winanso adzati, "Ndidzamtumiza kwa mlongo wanga ku Chikonohono kapena ku Dzivarasekwa." Njira imeneyi yapulumutsa ambiri, ndipo tithokoza abale osunga ana a anzao. Koma tonse tidziwa ana akazi amene anapita kukaphunzira nasanduka olera makanda ndi otsuka mbale. Mukatumiza mwana, tumizani ndi cakudya cace ndi fizi yace, ndipo muziona lipoti lace ndi maso anu temu iri yonse.

Alimi nao adzati, "Sukulu ndi nchito ya boma." Tibvomera. Koma amene aika banja pa malo akutali kuti fodya wace asagone m'munda, iye ndiye wasankhira mwana mtunda woyenda. Sangasambe m'manja. Ndiponso lipoti la Human Rights Watch la 2018 linaonetsa ana akugwira nchito m'minda ya fodya ya m'dziko muno, akudwala ndi ululu wa masamba awisi ndi kujomba ku sukulu, ngakhale lamulo la nchito kuyambira 2015 liletsa kulemba mwana wosafika zaka 16.

ZIMENE TIYENERA KUCITA

1. Safunsa anadya phula. Musanatule katundu pa komboni yatsopano, funsani amai amene akhalitsa pamenepo, osati kapitao yekha. Sukulu iri kuti? Mwana wa Giredi 1 ayenda nthawi yotani? Pali mtsinje wodzaza m'dzinja pakati? Mayeso a Giredi 7 amalembera pomwepo? Sekondale ya pafupi ndi iti? Ngati mungathe, yendani njirayo ndi mapazi anu.

2. Tengani kalata ya kubadwa mwana akali wakhanda, khadi la ku cipatala lisanatayike. Amene zitupa zanu zikali zolembedwa kuti mlendo, pitani ku ofesi ya kalembera mukazisinthe. Pitani m'magulu, ndi mmodzi wodziwa kuwerenga ndime 43.

3. M'makomiti a anchito, ndi kupyolera m'bungwe la GAPWUZ ku bwalo la National Employment Council la zaulimi, tifune kuti sukulu ilowe m'pangano monga ufa ndi malipiro. Banja la ana a sukulu lisaturutsidwe m'nyumba pakati pa temu. Mwana asaitanidwe ku munda kapena ku shedi. Pulazi limene liri kutali ndi sukulu lipereke thirakitala kapena lole m'mawa, monga licita ponyamula anchito a ganyu.

4. Tsopano timavota pa masankho a makhonsolo. Khansala wa wadi yanu ndi khonsolo ya Zvimba amve mau athu pa zinthu ziwiri: kuti sukulu za satellite zimangidwe bwino ndi kulembedwa m'kaundula, ndi kuti anchito a m'mapulazi apatsidwe masitandi okhala ao-ao pafupi ndi sukulu, kumene nyumba siidzatha pa kutha kwa nchito. Lowaninso m'makomiti a makolo a pa sukulu. Musasiyire ena mipando imeneyo poyesa kuti si yanu.

5. Inu amene mwasunga kandarama kogulira sitandi ku Raffingora, ku Kuwadzana wa ku Banket kapena ku Chinhoyi, citani monga acita a kumayadi. Yambani mwaona sukulu. Sitandi yochipa ya kumalo atsopano kumene kulibe kalasi ndi imodzi yomwe idzakudyerani ndarama za basi zaka khumi ndi cimodzi. Ndipo musapereke ndarama kwa munthu wopanda pepala la khonsolo.

6. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa komboni iri yonse pakhale buku la maina a ana onse a msinkhu wa sukulu, ndi cizindikiro pa dzina la amene sapita. Ana amasiye ndi osowa alembedwe ku thandizo la boma la BEAM. Bukulo lidze ku msonkhano wa bungwe pamodzi ndi madandaulo a malipiro.

Makolo athu anamenyana ndi Citaganya nacigwetsa, ngakhale ambiri a iwo sanathe kulemba maina ao. Ife tikhoza kulemba, tiri ndi voti, ndipo lamulo pa nkhani iyi liri kumbali yathu. Temu yatsopano isanayambe, komiti iri yonse iitanitse msonkhano, amai akhale patsogolo, ndipo mutu woyamba ukhale wa ana amene ali pa komboni nthawi ya sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Mukatha kuwerenga pepala ili, mpatseni mnzanu, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere.